Kuthyoka Kwachinayi

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anathyoka mkono ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi itatu, atangoyamba kumene kuyenda. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo tinkakhala ku Area 23, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni poloti. Ine ndinkagulitsa kaunjika m'tauni, moti ndinkakwera minibasi m'mawa n'kubwerako dzuwa litapendeka. Amuna anga anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde, ndiye mwana ankaswera ndi iwowo, akusewera ndi tizidutswa tansalu pansi pa tebulo.

Tsiku limenelo ndinapeza makina ataphimbidwa, chitseko chili chokhoma. Eni poloti, mayi wamasiye amene tonse tinkangowatchula kuti alandilodi, anandiuza kuti bambo ake athamangira naye kuchipatala. Anabwerako madzulo, kamkono kali m'chikhakha. Bambo ake anati wagwa pa sitepe ya pakhonde. Sitepeyo inali yaifupi, njerwa imodzi basi, koma sindinaganize zambiri. Ana amagwa.

Patatha miyezi isanu anathyokanso, ulendo uno msongolo. Akuti anapunthwa pa mphasa. M'mawa mwake ndikutunga madzi pampopi, alandilodi anabwera n'kuima pambali panga.

"Amake mwana, inu kwa ine ndinu mwana, ndiye mundilole ndifunse. Ana anga asanu ndi mmodzi anakulira pabwalo lomweli. Anagwa, anatupa zipumi, wina anagwa mumtengo wa mango uwo. Wothyoka panalibe. Wanuyu mphasa yokha?"

"Mukutanthauza chiyani, amayi?"

"Sindikutanthauza kanthu. Ndikungoti muzitsegula maso."

Ndinasenza ndowa yanga n'kumapita, mtima utandipsa. Koma mawuwo sanandichoke. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa amuna anga ngati munthu amene ndakumana naye dzulo. Anali munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, wa manja akuluakulu. Sanandimenyepo. Komabe ndinakumbukira tsiku lina kasitomala atakana suti imene anaisoka sabata yathunthu: kasitomalayo atangopotoloka, amuna anga anagenda sizasi pakhoma mpaka pulasitala inagumuka. Chinthu chimene ndinali nditachiiwala chinayamba kundibwerera tsiku ndi tsiku ndili pabenchi panga m'tauni.

Ndikafika kunyumba ndinkamuvula mwana ngati ndikufuna kumusambitsa, koma ndikufufuza thupi lake. Ndipo ndinkapezadi timikwingwirima takuda, pena pamkono, pena pamsana.

"Bambo, apa patani?"

"Kaya. Mwina wadzigunda pa mwendo wa tebulo."

Nthawi zonse yankho linali kaya.

Kachitatu kanachitika atangokwanitsa zaka ziwiri. Alandilodi anaimba foni kwa mnzanga wa benchi loyandikana ndi langa, yemwe anali ndi foni ya m'manja, kuti ndithamangire kuchipatala chachikulu. Ndinasiya katundu yense pomwepo. Kulira kwa mwana wanga ndinakumva ndisanalowe m'chipinda. Ntchafu yake yakumanja inali itatupa, itapindika pamalo posayenera kupindika. Bambo ake anaima pakona, malaya ali onyowa. Anati amamusambitsa, ndiye potuluka m'beseni anaterereka n'kukhalira mwendo.

Atamujambula, nesi anandiitanira pambali ndekha. Sanandikalipire. Analankhula motsitsa mawu.

"Mayi, mwanayu amakhala ndi ndani masana?"

"Ndi bambo ake."

"Maulendo onse atatu anali ndi iwowo?"

"Eya."

Anandionetsa chithunzi cha pachifuwa, chimene anajambula pofuna kutsimikiza kuti palibenso pena povulala. Analoza timfundo tiwiri toyera panthiti.

"Izi ndi nthiti zomwe zinathyoka kale n'kupola zokha. Munkadziwa?"

Sindinkadziwa. Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti.

Anatigoneka ku wodi ya ana. Poti anali wamng'ono, sanamuike chikhakha. Anamumanga miyendo yonse iwiri ndi mabandeji n'kuikoleka m'mwamba pachitsulo, matako atangonyamuka pang'ono pamatiresi, kuti fupa liwongoke ndi kulemera kwa thupi lake lomwe. Anati akhala choncho masabata angapo. Tsiku lachiwiri alandilodi anabwera kudzationa atanyamula nthochi.

"Ine sindinaone, ndisaname," anatero. "Koma ndinamva bambowo akukuwa. Kenako mpamene ndinamva mwana. Kukuwa kunayamba, kulira kunatsatira."

Madzulo omwewo ndinatumiza uthenga kwa achimwene anga aakulu, amene ankakhala ku Kawale n'kumayendetsa lole. Makolo athu anali kutali kumudzi ku Thyolo, ndiye m'tauni iwowo ndiwo anali bambo anga. Anafika mawa lake masana, nthawi yoona odwala. Anayang'ana mwana ali lende, anamvetsera zonse, kenako anati tituluke. Amuna anga tinakumana nawo panja pa wodi, pansi pa mtengo, atanyamula kontena ya phala.

"Alamu," anatero achimwene, "ngati mwatopa naye mlongo wangayu, nenani timutenge. Palibe angakukanizeni. Koma mwana ayi."

"Mukuti bwanji, alamu?"

"Mwamva. Katatu konse mwana akuthyoka ali m'manja mwanu. Kuyambira lero m'wodimu musalowemo. Mukalowa mundiona."

Anthu anayamba kuima n'kumationerera. Amuna anga sanawayang'ane achimwene. Anayang'ana ine.

"Amake mwana, nanunso mukuganiza zomwezi?"

"Nthiti ziwiri, bambo. Ndiuzeni za nthitizo."

"Sindikuzidziwa."

"Nanga mumakuwa chiyani tsiku lija?"

"Ndimakuwa poona akuterereka. Ndimati ndimugwire."

Anaima kanthawi, kenako anaika kontena ija pansi pafupi ndi mapazi anga n'kumapita.

Sanasiye kubwera. Tsiku lililonse masana ankafika ndi chakudya, n'kuima panja pa windo loyang'anizana ndi bedi lathu. Ine ndinkatuluka, kulandira kontena, kuwapatsa ya dzulo, osapatsana ngakhale moni weniweni. Mwana akawaona pawindo ankatambasula manja akuitana kuti adadi, adadi. Amayi a m'mabedi oyandikana anali atamva kale nkhani yonse. Wina anandiuza kuti ndisapusitsidwe, ana amakonda ngakhale owazunza. Ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Achimwene anakonza zoti Lolemba lotsatira tikapemphe kalata kwa adokotala, tipite nayo kupolisi, ndipo anawauza alamu awo poyera. Ndinavomera. Pano ndikalemba zimenezi dzanja limalemera, koma ndinavomera ndi mtima wonse.

Loweruka m'mawa, patatha masiku asanu ndi anayi bambo ake asanamukhudze, ndinamupukuta mwana ndi kansalu konyowa monga mwa masiku onse. Ndinatenga kadiresi koyera kuti ndimuveke. Mutu unalowa, mkono wakumanja unalowa. Wakumanzere unakodwa m'kati, chigongono chitapindika. Ndinalowetsa zala zanga kukamwa kwa mkono wa diresi, ndinagwira kadzanja kake n'kukoka. Sindinakoke mwamphamvu. Ndinakoka monga amakokera mayi aliyense, monga ndinali nditakokera kambirimbiri.

Ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Ndinakamvanso m'zala zanga.

Mwana anangoti kukamwa yasa, osatulutsa mawu. Kenako kulira kunabwera, kulira komwe kuja ndinakumva tsiku la ntchafu.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Mayi wa bedi lakumanja ankamwetsa mwana wake phala. Nesi anali kumapeto kwa wodi akulemba m'buku. Palibe anaona. Ndinatenga chitenje n'kufunditsa kamkonoko, ndinakhala pampando n'kuyamba kumusisita pamutu ndikumuti tonthola, tonthola.

Ndinakhala choncho nthawi yaitali kuposa mmene ndimafunira kuvomereza. Ndinaganiza zonena kuti wadzimenyetsa pachitsulo cha bedi. Ndinaganiza zongokhala chete, mwina ndangomubzungunyula, mwina pofika madzulo asiya. Ndinaona m'maganizo nkhope ya nesi uja, ya achimwene, ya amayi onse a m'wodimo akunditembenukira. Ndikanati ndimangomuveka diresi, ndani akanandikhulupirira? Pamenepo mpamene ndinamva mawu anga omwe akufanana ndi a munthu wina: wagwa pa sitepe, wapunthwa pa mphasa, waterereka m'beseni.

"Mayi, mwanayo walira nthawi yaitali," anatero wa bedi lakumanja uja. "Kodi zingwezo sizikumuthina?"

Ndinavundukula chitenje pang'ono. Mkono unali utayamba kutupa pakati pa chigongono ndi dzanja. Ndinadzuka, ndinayenda wodi yonse mpaka patebulo la nesi.

"Asisitala, ndamuthyola mwana wanga mkono."

Anakweza mutu. "Mwati chiyani?"

"Ndimamuveka diresi. Wathyokera m'manja mwanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anatseka buku, anapita kukaona mkonowo, ndipo anatuluka mofulumira osandiuza kumene akupita. Ndinaganiza kuti wapita kukaitana apolisi. Ndinabwerera pampando paja n'kudikira.

Anabwera ndi adokotala aakulu a mafupa, bambo wa imvi amene ndinali ndisanamuonepo chifukwa masiku onsewo anali kunja kwa mzinda. Anandifunsa kuti ndiwaonetse mmene ndinakokera. Ndinawaonetsa pa dzanja la nesi. Adokotalawo anaumanga mkonowo pa kathabwa mosamala kwambiri, kenako m'malo moyang'ana mwendo kapena mkono, anawerama n'kuyang'ana mwanayo m'maso. Anatsitsa chikope ndi chala. Anamutsegula kukamwa n'kuyang'ana mano. Anaitanitsa zithunzi zonse, zakale zomwe, n'kumaziunika pawindo chimodzichimodzi.

"Bambo ake ali kuti?"

Inali itakwana nthawi ya masana. Anali pamalo pawo, panja pa windo, kontena ili m'manja.

"Awo ali apowo," ndinatero.

"Aitaneni alowe."

Analowa mozengereza, akuyang'ana kukhomo ngati achimwene atulukira. Adokotala anawaimika poyera n'kuwayang'ana m'maso monga anachitira ndi mwana.

"Mayi, bwerani muone. Choyera cha m'diso mwa amuna anu, ndi cha mwana, mukuchiona bwanji? Fanizani ndi cha asisitala."

Ndinali nditakhala nawo zaka zinayi. Ndinkadziwa kuti maso awo ndi otuwira mobiriwira ngati utsi, ndipo ndinkanyadira kuti mwana anatengera maso a bambo ake. Sindinkadziwa kuti ndi chizindikiro cha kanthu.

"Bambo, inu munathyokapo?" anafunsa adokotala.

"Ndili mwana, katatu. Mkono kawiri, mwendo kamodzi. Koma kunali kubusa mbuzi, tinkathamanga m'miyala."

"Anzanu obusa nawo anathyoka kangati?"

Amuna anga anapukusa mutu.

"Nanga kwanu aliponso wina wothyokathyoka? Kapena amene anasiya kumva akadali wamng'ono?"

"Mayi anga. Anagontha asanakalambe. Anathyokapo mwendo akungotsika pa chulu, ndi dzanja akusenza mtolo. Kumudzi ankati anawalodza."

Apongozi anga ndinkawadziwa, kamayi kakafupi kopindika msana, kamene tinkachita kukakuwira polankhula nako. Palibe tsiku ndinaganizapo kuti kugontha kwawo kungakhudzane ndi mwendo wa mwana wanga.

Adokotala anakoka mpando n'kukhala. Atamva kuti amuna anga ndi telala, anawafotokozera motere: fupa si mwala umodzi ayi. Lili ndi zinthu ziwiri. Pali timaulusi tambirimbiri tolukanalukana, ndiye m'mipata mwa timaulusito ndi pamwamba pake mumakhala timibulu ta mchere wa kashiamu, tating'ono kwambiri moti chithunzi cha kuchipatala sichingationetse, ngakhale makina wamba oonera tizilombo m'magazi sangatione. Mcherewo ndi umene umalimbitsa fupa, ulusiwo ndi umene umalilola kugonjera pang'ono likapanikizika m'malo mothyoka. Ulusi ukakhala wabwino, timibuluto timandandalikana bwino motsatira ulusiwo. Mwa mwana wathu, thupi limapanga ulusi wochepa kapena wosalimba. Mchere ulipo, pena umachita kuchuluka, koma ulibe pogwira pokwanira. Ndiye fupa limakhala lopyapyala, louma, losachedwa kusweka ngati kapu yadothi.

"Anabadwa nazo," anatero. "Ndi za kumtundu. Palibe anamumenya mwanayu."

"Nanga nthiti zija?" ndinafunsa.

"Mwina pomunyamula m'khwapa. Mwina pomubereka, chitenje chitathina. Ngakhale chifuwa champhamvu chikhoza kutero."

Womubereka ndinali ine. Ndinkamumanga kumsana mothina Lamlungu lililonse popita kutchalitchi, kuti asandipulumuke m'minibasi.

Amuna anga anafunsa funso limodzi lokha. "Ndiye kuti zachokera kwa ine?"

"Zadutsira mwa inu, monga zinadutsira mwa mayi anu. Simunasankhe."

Anatiuza kuti mankhwala ochiziratu palibe, koma ana ambiri otere kuthyoka kumachepa akamakula. Anatiphunzitsa kumunyamula ndi manja otambasula, lina kumatako lina kumsana, osamukoka mkono kapena mwendo. Zovala zikhale zotsegula kutsogolo. Azidya usipa, mkaka ukapezeka, masamba, ndipo aziwothera dzuwa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti anatiletsa kumusunga ngati dzira. Anati fupa limene silikugwira ntchito limataya mchere wake, moti mwana wongogonekedwa, kapena wokhalitsa m'chikhakha, mafupa ake amafookeratu. Akangopola ayende, asewere, ife tingochotsa zomupunthwitsa. Pomaliza analemba kalata yofotokoza matendawo, yoti tiziyenda nayo kulikonse kumene tingapite naye kuchipatala.

Atachoka tinatsala awiri pambali pa bedi. Mwana anali atagona chifukwa cha mankhwala. Ndinati, "Bambo, ndinakulakwirani." Anati, "Phalalo lizizira," n'kutuluka.

Achimwene atabwera Lolemba ndinawaonetsa kalata ija. Anaiwerenga kawiri, anakanda m'mutu. Kwa alamu awo anangoti, "Zinachitika zija tiziiwale, inenso ndimateteza magazi anga." Amuna anga anavomera ndi mutu. Mpaka lero awiriwo amapatsana moni mwaulemu, koma sindinawaonepo atakhala pamodzi n'kumacheza.

Alandilodi sanakhutire. Titatuluka m'chipatala anandiuza kuti madokotala amanena zawo, koma iwo anamva zimene anamva. Nkhani inali itafala kale m'dera lonse. Azimayi amene ankasoketsa mayunifolomu a ana awo kwa amuna anga anayamba kudutsa pakhonde pathu osayang'anako. Mvula isanayambe tinasamukira ku Chinsapo, kumene kunalibe wotidziwa, ndipo ine ndinasiya kaye kaunjika kuti ndizikhala pakhomo.

Kumeneko ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. Amuna anga anasiya kumugwira mwana. Ankamugulira mabisiketi, ankamuimbira ali pamakina, koma akabwera n'kuwakwera pamiyendo ankakweza manja m'mwamba n'kundiitana. "Amake mwana, dzamutengeni." Akagwa pafupi ndi iwo, ankaima chilili mpaka ine nditafika. Ndinkaganiza kuti akundilanga, ndipo ndinkaona kuti ndiyenera kulangidwa, ndiye sindinkadandaula. Inatha miyezi ngati isanu ndi iwiri zili choncho.

Tsiku lina masana ndinali kuchapa kuseri kwa nyumba, manja ali thovu lokhalokha. Mwana, amene tsopano ankayenda bwino ngakhale motsimphina pang'ono, anakwera pampando kuti asuzumire pawindo, kenako anachita mantha kutsika. Anayamba kuitana bambo ake. Iwo anaitana ine. Ndinafika pakhomo n'kuima.

"Mutsitseni ndinu, bambo."

"Dzamutengeni."

"Ayi. Ngati mukundikwiyirabe, ndikalipireni, ndimva. Koma mwanayu sanakulakwireni."

Anayang'ana manja awo.

"Sindikukukwiyirani," anatero. "Masiku aja ndinkaima pawindo, ndinkabwerera kunyumba n'kukhala ndekha n'kumaganiza. Nonse munkati ndine. Inu, alamu, alandilodi, anesi. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinedi. Kuti mwina ndimamugwira mwamphamvu osadziwa, kapena pali zimene ndimachita n'kuiwala. Lolemba lija mukanapita kupolisi, ndinali nditaganiza zokavomera."

Mwana anali akuitanabe, miyendo ikunjenjemera pampando. Ndinapukuta manja pachitenje, ndinagwira dzanja lawo lamanja n'kuliika kumatako kwa mwana, lamanzere kumsana, monga anationetsera adokotala. Ndinachotsa manja anga. Anamunyamula pang'onopang'ono, nkhope ili thukuta, n'kumuimika pansi. Mwanayo sanadziwe kuti pachitika kanthu. Anathamangira panja kukathamangitsa nkhuku za aneba, ife tonse awiri tikumukuwira kuti ayende bwino.

Anathyokanso kangapo pambuyo pake, kamodzi ali ndi ine, kamodzi kusukulu, kamodzi akungotsika pabedi. Ulendo uliwonse tinkatenga kalata ija n'kukwera minibasi tonse atatu. Pano ndi wamkulu, amadziwa dzina la matenda ake kuposa ife, ndipo amadziwa kuti anatengera kwa agogo ake. Za Lolemba lija la kupolisi sitinamuuzepo. Bambo ake anandipempha kuti asadzamve ali moyo iwo, ndipo ndinasunga pempholo mpaka chaka chatha pamene tinawaika m'manda.